Queen Anne, Chippendale, Hepplewhite kapena Sheraton: mpando wakale wa ku England woyenera ndalama zanu ndi uti?

Munthu ukalowa koyamba m'holo ya okushoni ku England tsiku loonetsa katundu, mipando yonse yakale imaoneka ngati ya bere limodzi. Yonse ndi yabulauni, yonse ikununkhira polishi ndi fumbi, ndipo pa uliwonse pakulendewera kapepala kolembedwa dzina la munthu amene anamwalira kalekale. Ine ndinakulira mu utuchi, pambali pa benchi ya malume anga amene anali kalipentala, choncho ndikaona mpando ndimayamba ndautembenuza kuti ndione kunsi kwake, kapepalako ndimawerenga pambuyo. Kwa zaka zingapo tsopano mitengo ya katundu wotereyu, amene eni ake amangomutcha brown furniture, yatsika kwambiri chifukwa achinyamata a kuno sakumufuna m'nyumba zawo zazing'ono. Ndiye amene muli ku Leeds, Manchester, Leicester kapena Nottingham mutha kupeza mpando wa zaka 200 pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa mpando watsopano wa m'sitolo. Chofunika ndi kudziwa chimene mukugula.

Tiyambe ndi mayinawo, poti ndi amene amasokeretsa anthu. Mfumukazi Anne sinagwirepo macheka. George Hepplewhite anali mmisiri ndithu, koma mpaka lero palibe mpando ngakhale umodzi umene akatswiri anatsimikiza kuti unachokera m'manja mwake. Thomas Sheraton ankajambula ndi kuphunzitsa zojambula, ndipo ku London sakudziwika kuti anali ndi shopu yopangira katundu. Thomas Chippendale yekha ndiye anali ndi malo aakulu ogwirira ntchito, koma naye sankadinda dzina lake pa katundu, moti zake zenizeni zimadziwika ndi mabilu amene anasungidwa m'nyumba za anthu amene anagula. Kapepala kakati "Chippendale", kakunena kapangidwe chabe. Mukagwira mfundo imeneyi simudzalipira dzina, mudzalipira matabwa amene anapangira, luso la polumikiza ndi mmene mpandowo wasungikira.

Queen Anne: wokoma kukhalapo, woopa kufumbwa

Anne analamulira kuyambira 1702 mpaka 1714, koma kapangidwe kotchedwa ndi dzina lake kanapitirira zaka zambiri iye atamwalira. Chizindikiro chake chachikulu ndi mwendo umene amautcha cabriole. Umapindika kawiri: bondo limatulukira kunja, kakolo n'kulowa m'kati, kenako phazi lozungulira lophwatalala limatera pansi. Ukauyang'ana cham'mbali umakumbutsa mwendo wa gwape ataima. Pabondo nthawi zina amasemapo chigoba cha nkhono ya m'nyanja, basi, kukongoletsa kwathera pomwepo. Pakati pa chotsamira pamakhala thabwa limodzi lathunthu, lodulidwa ngati mtsuko wautali, ndipo thabwalo amalipinda kuti litsate msana wa munthu. Pamwamba palibe ngodya, mapewa a mpando amangozungulira n'kutsika.

Mipando ya ku England isanafike nthawi imeneyi inali yoongoka ngati msilikali, yaitali, yokhalapo munthu wofuna kuoneka wolemekezeka. Ya Queen Anne ndi imene inayamba kuganizira thupi la wokhalapo. Kwa ine, pa mitundu yonse inayi, uwu ndi umene msana umauyamika kwambiri. Pokhalira pake pambiri ndi pochotseka, kafelemu kokutidwa ndi nsalu kongolowetsa, ndiye nsalu ikatha simufunika katswiri wodula kuti ayisinthe.

Vuto lake ndi matabwa ake. Inkapangidwa ndi walnut, mtengo wokongola wa mizere yopotanapotana, koma tizilombo tofumbwa matabwa timaukonda koopsa. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ngati tobooledwa ndi singano, musathawe msanga, chifukwa mipando yambiri ya zaka 300 ili nato ndipo tizilomboto tinafa kale. Ikani pepala pansi, gogodani mwendowo ndi chala. Pakagwa ufa woyera, adani akadali m'katimo. Kachiwiri, mbali zambiri za mpando wa walnut ndi zokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mtengo wokongola, kotchedwa veneer, komatidwa ndi guluu pamwamba pa mtengo wamba. M'nyumba yotenthetsedwa kwambiri nthawi yozizira kachikopako kamatukuka n'kuyamba kusweka. Ndipo yeniyeni ya nthawi ya Anne ndi yochepa komanso yokwera mtengo. Yambiri imene mudzaione yotchipa inapangidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pamene kapangidweka kanabwereranso m'fashoni. Imeneyo si yoipa, bola wogulitsa anene zoona ndipo mtengo ukhale wa zaka zake.

Mmene mahogany inalowera

Kuti mumvetse Chippendale muyenera kudziwa chimene chinachitikira walnut. Chisanu choopsa cha mu 1709 chinapha mitengo yambiri ya walnut ku Ulaya, ndipo mu 1720 dziko la France, kumene amisiri a ku England ankagula matabwa abwino, linaletsa kugulitsa mtengowu kunja. Mu 1721 nyumba ya malamulo ya Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko amene inkalamulira ku America. Zombo zinayamba kutsitsa mahogany yochokera ku Jamaica, mtengo wolemera, wofiirira, wa matabwa otambalala, wosafumbwa msanga, ndiponso wolola mpeni kusema tinthu ting'onoting'ono osanyenyeka.

Pali chinthu chimene sindifuna kuchidumpha. Mitengo ikuluikulu imeneyo ankaigwetsa ndi kuikoka m'nkhalango za Jamaica, ndipo pambuyo pake za ku Honduras, anali akapolo ochokera ku Africa. Ndikamasisita dzanja la mpando wa mahogany wa m'ma 1760 ndimakumbukira kuti manja oyamba kugwira mtengowo sanalipidwe kanthu. Sizindiletsa kuukonda mpandowo, koma ndimaukonda ndikudziwa, ndipo ndimafuna ana anga adziwenso.

Chippendale: wolimba, wopezeka, wokopedwa kwambiri

Thomas Chippendale anabadwa mu 1718 ku Otley, ku Yorkshire, m'banja la amisiri a matabwa. Atapita ku London anakhazika malo ake pa St Martin's Lane, ndipo kukula kwake tikukudziwa chifukwa moto umene unabuka pamenepo mu 1755 unatentha mabokosi a zida a antchito 22. Chimene chinamutchukitsa ndi buku la zojambula lotchedwa The Gentleman and Cabinet-Maker's Director, limene linatuluka mu 1754 ndi kutulukanso lowonjezeredwa mu 1762. Bukulo linayenda dziko lonse mpaka kutsidya kwa nyanja ku Philadelphia, ku America, ndipo mmisiri aliyense wa m'tauni yaing'ono ankatha kulitsegula pamaso pa kasitomala n'kunena kuti sankhani. N'chifukwa chake mipando ya mtunduwu ilipo yambirimbiri.

Poyerekeza ndi Queen Anne, kusintha kukuonekera pachotsamira. Thabwa lapakati lija silikhalanso lathunthu, amaligoba mipata kuti lioneke ngati zingwe zolukanalukana. Mtanda wapamwamba umakhala ngati uta, nsonga zake ziwiri zitatukukira m'mwamba ngati makutu. Mpando wonse ndi wotambalala, wokhala ndi mapewa, poti unkayenera kulandira madiresi ndi majekete aakulu a nthawi imeneyo. M'bukumo muli zokonda zitatu. Pali kapangidwe kochokera ku France ka masamba ndi mizere yopindika, kamene pachimake pake ndi mpando wa chotsamira chosemedwa ngati maliboni omangidwa. Pali kotengera mawindo osongoka a matchalitchi akale. Ndiye pali kotengera China, ka timitengo topingasana ngati mpanda wa nsungwi. Anthu ambiri akaona phazi losemedwa ngati chikhadabo chogwira mpira amafuula kuti Chippendale, koma phazi limenelo linayamba iye asanatchuke ndipo linali likutha kale fashoni ku London pamene buku lake limatuluka. Anapitiriza kulikonda ndi a kumidzi, a ku America, ndi okopera a m'zaka za m'ma 1800.

Zenizeni za m'shopu yake si za matumba athu, koma kuziona ndi maso n'kotheka ndipo kumaphunzitsa. Ku Harewood House pafupi ndi Leeds ndi ku Nostell pafupi ndi Wakefield kuli zambiri. Ku Dumfries House ku Scotland kuli katundu amene anaperekedwa mu 1759, amene akanamwazika pa okushoni mu 2007 gulu lotsogozedwa ndi Mfumu Charles, panthawiyo ali Prince of Wales, likanapanda kugula nyumbayo ndi zam'kati zonse. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London, kumene polowa salipiritsa, kuli katundu wa kuchipinda amene anapangira katswiri wa zisudzo David Garrick. Mukaona zimenezo kamodzi, diso lanu silidzanamizidwanso ndi kusema kwaulesi.

Chimene ine ndimalimbikitsa munthu wofuna mpando wodyerapo tsiku ndi tsiku ndi chimene ogulitsa amachitcha country Chippendale. Imeneyi ndi mipando yopangidwa ndi amisiri a m'matauni aang'ono, nthawi zina ndi mahogany, nthawi zina ndi oak kapena elm ya m'deralo. Miyendo yake ndi yoongoka ya ngodya zinayi, yomangidwa pansi ndi mitanda yopingasa, ndipo chotsamira chili ndi mipata yochepa yosavuta. Mitanda yapansiyo ndi imene imagwira mpando kuti usagwedere munthu akamatsamira chagada. Mlendo wathupi akhoza kukhalapo, mwana akhoza kukwerapo, ndipo polumikiza pakamasuka kalipentala aliyense wodziwa ntchito amakonza. Kuipa kwake n'kulemera, komanso kutambalala: isanu ndi umodzi yozungulira tebulo imadzaza chipinda chodyera cha nyumba zamakono za kuno.

Hepplewhite: wokongola kuposa yonse, koma wa galasi

Pofika m'ma 1760 ndi 1770 anthu olemera anatopa ndi zopindikapindika. Mabwinja a Herculaneum ndi Pompeii ku Italy anali akufukulidwa, ndipo katswiri wa zomangamanga Robert Adam anabweretsa kukoma kwa mizere yoongoka ndi zokongoletsa zopepuka za Aroma akale. Chippendale mwiniwake anasinthira komweko m'zaka zake zomaliza, asanamwalire mu 1779. Koma dzina limene linakakamira pa mipando ya nyengo imeneyi ndi la Hepplewhite, amene anamwalira mu 1786. Mkazi wake Alice ndi amene anasindikiza zojambula pafupifupi 300 mu 1788, m'buku lotchedwa The Cabinet-Maker and Upholsterer's Guide. Akanapanda mayi ameneyu dzinali bwenzi palibe akulitchula.

Mpando wa Hepplewhite sungausokoneze ndi wina. Chotsamira chake chili ngati chishango, nthawi zina ngati dzira kapena mtima, ndipo m'kati mwake mumasemedwa ngala za tirigu, nthenga zitatu za chizindikiro cha Prince of Wales kapena kamtsuko ka Aroma. Miyendo ndi yoongoka, yonka nichepa kumunsi, kawirikawiri yopanda mitanda yoimanga. Ukaikidwa pakhoma dzuwa likuwomba, chithunzithunzi chake chimagwa pansi ngati nsalu yoluka. Ndimaukonda kwambiri.

Koma yang'anitsitsani pamene chishangocho chakumana ndi pokhalira. Sichifika pansi. Chimangoimikidwa pa timitengo tiwiri tifupitifupi totuluka m'miyendo yakumbuyo, ndipo kulemera konse kwa msana wa munthu kumathera pamenepo. Ndinagulapo umodzi wotere, ndipo unakhala bwinobwino mpaka tsiku limene mlamu wanga anatsamira akuseka nkhani, tonse tinangomva kuti thyo. Nditauyang'ana ndinapeza kuti unathyokapo kale pamalo omwewo ndipo wina anangomata ndi kupaka utoto. Ndinadandaula masiku angapo, chifukwa ndikanayatsa tochi pamalopo tsiku logula ndikanauona mzerewo. Ngati mukufuna Hepplewhite, mugule umodzi kapena iwiri yoika m'chipinda chogona kapena pakhonde la m'kati, ndipo musapereke ndalama musanaunike timitengo tiwirito.

Sheraton: musamufune pa mipando, mufuneni pa matebulo

Thomas Sheraton anabadwa mu 1751 ku Stockton-on-Tees, anali mlaliki wa mpingo wa Baptist, ndipo anamwalira ali wosauka ku London mu 1806. Buku lake la zojambula, The Cabinet-Maker and Upholsterer's Drawing-Book, linayamba kutuluka m'zigawo mu 1791. Mipando yake ili ndi chotsamira chachifupi cha ngodya zinayi, timitengo toimirira, ndi miyendo yowonda imene nthawi zambiri ndi yobulungira ya timizere totsika. Chotsamira chake ndi chomangika bwino kuposa chishango cha Hepplewhite poti chili ndi mtanda wapansi, koma kukhalapo nthawi yaitali sikukoma, chimakufika pakati pa msana n'kukusiya.

Kumene Sheraton amawala ndi pa matebulo aang'ono, madesiki ndi makabati a m'chipinda chodyera. Ankakonda katundu wa ntchito ziwiri, monga tebulo limene ukalitsegula mumatuluka masitepe okwerera pofikira mabuku. Kukongoletsa kwake si kosema ayi, ndi kolowetsa timizere ta mtengo wa mtundu wina m'thabwa, makamaka satinwood, mtengo wachikasu wowala ngati uchi. Kwa wokhala m'kafulati, katebulo kotere ka mapiko opindika ndi kabwino kuposa china chilichonse m'nkhani ino, chifukwa n'kopepuka ndipo sikadya malo. Koma madzi ndi mdani wake. Kapu ya tiyi yotentha kapena vazi yodontha imasiya bala limene kulichotsa kumadula kuposa tebulolo. Dziwaninso kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900 mafakitale anapanga katundu wochuluka zedi motengera Sheraton, moti amene mudzakumane naye kawirikawiri ndi ameneyo.

Pali mitundu ina iwiri yoti muidziwe ngakhale sindikhalitsapo. Ya Regency, yotchedwa ndi nthawi ya 1811 mpaka 1820, ili ndi miyendo yopindikira kunja ngati lupanga, ndipo miyendo imeneyo imathyoka mosavuta chifukwa podula amadutsa mizere ya mtengo. Ina ndi ya Windsor, ya anthu wamba, imene inkapangidwa kwambiri ku High Wycombe: pokhalira ndi thabwa lochindikala la elm losemedwa mokumbika, miyendo ndi timitengo ta kumsana n'zozikidwa m'thabwalo. M'khitchini palibe mpando woposa umenewu.

Kunsi kwa mpando

Mtundu mukausankha, funso lotsala ndi la zaka, ndipo yankho lili kumene polishi sanafike. Mmisiri wa m'ma 1700 ankacheka ndi dzanja, choncho zipsera za macheka kunsi zimakhala zoongoka koma zosafanana. Mukaona zipsera zozungulira ngati uta, thabwalo linadutsa pa makina, ndipo zimenezo zinafala m'zaka za m'ma 1800. Polumikiza pakale ndi pa lilime la thabwa lolowa m'bowo la linzake, osati timitengo tobulungira tiwiri tokhomedwa ngati misomali. Tulutsani dirowa muone mano olumikiza m'mbali mwake: a dzanja ndi ochepa, owonda, osalingana, pamene a makina ndi ofanana ngati mano a chipeso. Sikuluwu yakale ilibe nsonga, kumapeto kwake n'kodukiza, ndipo mpata wa pamutu pake nthawi zambiri sukhala pakati penipeni. Veneer yakale ndi yochindikala poti inkachekedwa ndi macheka, yatsopano ndi yopyapyala ngati pepala.

Kenako yang'anani kutha kwake. Mtanda wakutsogolo umaperepeseka pamene nsapato zinkaponda, mapazi akumbuyo amadyeka chifukwa chokokedwa, ndipo pamwamba pa chotsamira pamada pamene manja ankagwira ponyamula. Kutha kukakhala paliponse mofanana, wina anachita dala ndi sandipepa. Mukagula seti, nyamulani mpando uliwonse paokha. Mabanja ankawonjezera mipando pambuyo pa zaka zambiri, ndipo yowonjezerayo imasiyana kulemera. Seti yathunthu ya isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu imakwera mtengo kwambiri kuposa mipando yomweyo yogulidwa umodziumodzi, ndiye ngati simusamala kuti ifanane ndendende, sonkhanitsani pang'onopang'ono ya mtundu umodzi. Mukapeza dzina la Gillows, kampani ya ku Lancaster, litadindidwa m'mphepete mwa dirowa kapena kunsi, mwapeza chinthu chabwino, chifukwa iwo anali m'gulu la ochepa amene ankadinda katundu wawo.

Nanga kutumiza kumudzi?

Ambiri amandifunsa zoika mipando yotere m'kontena. Walnut ndi satinwood sindingazitumize. Guluu wakale ndi wa zikopa ndi mafupa, amafewa ndi chinyezi cha dzinja, kenako kutentha kwa October kumaumitsa thabwa la pansi, veneer n'kutukuka. Mahogany yathunthu ya mtundu wa Chippendale imapirira bwino, bola isakhale pa simenti yonyowa pamene chiswe chingaipeze. Samalaninso ndi malamulo. Mtengo wa rosewood ya ku Brazil, umene unkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa katundu wa Regency, ndi wotetezedwa pansi pa pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama lotchedwa CITES ndipo sudutsa malire popanda zikalata. Lamulo la Britain loletsa malonda a minyanga ya njovu linayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo madesiki ndi timabokosi takale nthawi zina timakhala ndi kachidutswa ka mnyanga pabowo la kiyi, choncho funsani wogulitsa musanagule.

Njira imene ine ndinatsata ndi ina. Mbawa yathu ndi ya banja limodzi ndi mahogany imene Chippendale ankagwiritsa ntchito, ndipo imasemeka ndi kupolishika mofanana nayo. Ndinagula mpando umodzi wokha wa country Chippendale, ndinaujambula mbali zonse, ndinayeza thabwa lililonse, chotsamira ndinachilemba pa katoni pochitsata ndi pensulo, n'kutumiza zonsezo kwa mmisiri amene anaphunzira ntchito kwa malume anga. Ndinamupempha zinthu zitatu: matabwa akhale ouma bwino ndi ogulidwa movomerezeka, polumikiza pakhale pa lilime ndi bowo popanda msomali, ndipo asapake vanishi wonyezimira koma mafuta ndi polishi. Pa foni anadandaula ndi miyendo yakumbuyo, imene imapendekera m'mbuyo kuchokera pa pokhalira ndipo imadya thabwa lotambalala kuti ituluke yathunthu yosalumikiza. Anafuna kuiongola kuti matabwa asawonongeke. Ndinamuuza kuti aisiye momwemo, chifukwa kupendekako ndi kumene kumaletsa mpando kugwa chagada, ndipo mtengo wa thabwa lowonjezeralo ndinalipira ine.